Amayi anapempha Nzama, koma tinayambira ku Chentcherere

Ndabadwira ku Dedza, ndakulira ku Dedza, ndipo ndatha zaka 16 ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale konkuno. Chaka ndi chaka ndakhala ndikulemba pabolodi kuti zojambula za pamiyala ya ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2006, kuti malo ake alipo 127, ana n'kumakopera m'makope mwawo. Koma kufikira August wapitayu ndinali ndisanaimepo pansi pa thanthwe ngakhale limodzi mwa matanthwe amenewo. Zimandipweteka kunena, koma ndi momwe zinalili.

Amene anautsa ulendowu ndi amayi anga. Ali ndi zaka 74, mawondo ayamba kuwakaniza, ndipo kumunda amangopita kukaloza ndi ndodo. Tsiku lina madzulo tikuotha mbaula anangoti, "Bambo, ine ndisanaleke kuyenda mundifikitse ku Nzama. Anzanga a mumphakati anapitako kalekale, ine ndinatsala ndi matenda a bambo anu." Nzama ndi mishoni yakale ya Katolika ku Ntcheu. Ndinavomera pomwepo. Kenako ndinaganiza kuti poti ndibwereka galimoto ya alamu anga ndi kuthira mafuta, bwanji tizungulire ndithu, tione zimene timangozimva. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anali patchuthi, ndiye tinakhala atatu. Agogo akewo amamutcha "mkazi mnzanga", iye n'kumangoseka.

Tsiku loyamba tinadzuka kuli chisanu chija cha ku Dedza cholowa m'mafupa. Tinatenga msewu wafumbi wolowera ku nkhalango ya Chongoni, kumene kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire. Galimoto tinaisiya m'munsi, mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi amene amaperekeza alendo n'kutitsogolera. Kukwera kwake si kwakutali, koma amayi anapuma kanayi. Pa kupuma kwachitatu ndinati mwina atsale pamthunzi ife tikawajambulire pafoni. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndabwera ndi maso anga."

Thanthwe la Mwana wa Chentcherere ndi lowerama ngati khonde la nyumba yaikulu, loti anthu ambiri akhoza kubisalapo mvula osanyowa. Poyamba maso saona kanthu, amangoona mwala wothimbirira. Ukadekha ndiye zimayamba kutuluka. Mnyamata uja anayamba kutifotokozera za zofiira, zimene zili zakale kwambiri m'dera lonselo: mizere yondondozana, tozungulira tina mkati mwa tinzake, zina ngati makwerero. Anati zimenezi anajambula Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu anawapeza kuno. Anatinso mu 1972 katswiri wina wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa thanthwe lomwelo n'kupeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama zimene anthuwo ankadya. Amayi atamva dzina la Akafula anatembenukira mdzukulu wawo. "Mkazi mnzanga, amenewa ndi Amwandionerapati. Anali aafupi, koma aukali. Ukakumana naye amafunsa kuti, mwandionera pati? Iwe uziyankha kuti ndakuonerani patali, kuseri kwa phiri ilo. Ukati ndakuonerani pompano, muvi." Nkhani imeneyi ndinaimva ndili mwana, pamphasa, mwezi ukuwala. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzaimva nditaima pamene anthu akewo ankasonkha moto.

Kenako tinasunthira ku zoyera. Izi ndi zochuluka, zopakidwa ndi chala, dothi loyera lokhuthala. Zambiri zili ngati nyama yoionera pamwamba, miyendo ili tambalale ngati chikopa choyanika, mchira pansi, zina ngati abuluzi kapena ang'azi, zina ngati njoka, ndipo m'matupi mwake muli timadontho. Mnyamata uja anali atayamba kunena kuti izi anajambula Achewa ndipo zimakhudzana ndi chinamwali, koma anaona kuti amayi sakumumvera. Anali atayandikira mwala, ndodo atatsamiritsa pambali, dzanja lili m'mwamba pafupi ndi chithunzi chimodzi koma osachikhudza. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu. Mphepo yokha ndiyo inkamveka m'mitengo. Atatero anati, osatembenuka, "Madontho awa ndi a pachingondo."

Chingondo ndimachidziwa monga mwamuna aliyense wokulira kumudzi amachidziwira: kanthu koumbidwa ngati nyama, kokhala ndi madontho oyera, ofiira ndi akuda, kamene namwali amasenza pamutu povina tsiku lotuluka. Zimenezo ndi zapabwalo, aliyense amaona. Ndinafuna kufunsa zambiri, koma amayi anati, "Bambo, inu ndi mnzanuyo tapitani mukaone uko. Mutisiye pang'ono." Tinatsika kukakhala pamwala wina chapatali. Kutsogolo kwathu mbira ziwiri zinatuluka m'ming'alu kudzaothera dzuwa, imodzi n'kumatiyang'anitsitsa osaphethira. Kumtunda kuja ndinamva amayi akuimba chapansipansi, akuwomba m'manja mofatsa, mawu ake osamveka bwino. Nyimbo imeneyo sindinaimvepo chibadwire, chikhalirecho ndakhala nawo m'nyumba imodzi zaka zonsezi. Ndimawadziwa ndi nyimbo za kwaya ndi za pamaliro.

Pobwerera ndinawafunsa. Anati, "Za kutsimba sanena pamsewu." Anangowonjezera kuti iwo anavinidwa asanabatizidwe, kuti pa nthawi yawo zojambula pamwala zinali zitasiyika, anamkungwi ankaphunzitsa ndi nyimbo ndi zoumba, koma ataona thanthwe lija anazindikira chilankhulo chake. Mwana wanganso sanandiuze kanthu, ndipo sindinamukakamize. Ine ndimaphunzitsa kuti malo ndi 127. Amayi, amene sukulu analekera Sitandade 3, anawerenga mwalawo.

Tsono pali china chimene sindingachilumphe. Pa thanthwe lomwelo pali maina. Ena olembedwa ndi makala, ena ndi choko, ena okanda ndi mwala, ena pamwamba penipeni pa zojambula zoyera zija. Ndikaona kalembedwe kake ndimadziwa kuti ambiri ndi ana asukulu, ana onga amene ndimakhala nawo m'kalasi. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa mwana amene wauzidwa kuti ichi ndi cha agogo ako sangachikande. Amakanda chimene wangouzidwa kuti chibwera pamayeso. Mlandu umenewo ndi wathu aphunzitsi, ndipo ine ndili momwemo. Chakumbali kunalinso phulusa la moto ndi mwaye wakuda pamwala. Mnyamata uja anati pamabwera anthu odzapemphera usiku wonse, kuzizira kukawakulira amasonkha moto. Kupemphera kuphiri sindikutsutsana nako, anthu athu akhala akupita kumapiri kukadandaula kwa Chauta kuyambira kale. Koma utsi ukaphimba chithunzi palibe angachijambulenso, poti amene ankadziwa kujambula kwake anapita.

Tinamva kuti ku Namzeze kuli zithunzi za zilombo za gule, ndipo ku Mphunzi kuli matanthwe angapo oyandikana. Sitinafikeko. Amayi anali atatopa, ndipo usiku umenewo tinawathowa mawondo ndi madzi otentha.

Tsiku lachiwiri tinanyamuka m'mamawa, phiri la Dedza litafunda nkhungu kumutu. Ndi lalitali mamita 2,198, ndipo ndili mnyamata tinkakwerako kukatola nkhuni m'mapaini, anyani akutikuwiza. Tinapatukira ku Bembeke, ku tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, chifukwa amayi sakanalola kudutsa osalowa. Kumeneko anatikumbutsa za Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika mu 1937, amenenso anadzakhala episkopi woyamba wachimalawi mu 1957. Amayi amati ndi iwowo anawapatsa Ulimbitso, ndipo amakumbukirabe kuzizira kwa tsikulo ndi diresi lobwereka limene anavala. Tinakhala mphindi zochepa, anapemphera, tinapitirira.

Pa Masasa tinasiya M1 n'kuyamba kutsika Khwekhwerere. Amene sanadutsepo msewu umenewu sangamvetse chifukwa chake madalaivala amautchula mwaulemu. Umapindika ngati njoka yothawa moto, makutu amatseka, fungo la mabuleki limalowa m'galimoto. Pa kona ina chigwa chonse chinangoti yalu pansi pathu, ndipo kutali uko nyanja ili mbee ngati lata latsopano. Mwana wanga anakuwa, poti nyanja anali asanaionepo. Tinaima pambali. Anyani anali pamiyala ya m'mbali mwa msewu, wamphongo wina atakhala ngati mwini malo, wamkazi atabereka mwana kumimba. Chapafupi anyamata ankagulitsa timagalimoto, timathirakitala ndi tinjinga tosema ndi mtengo, zitseko zake zotseguka, mateyala ake ozungulira. Luso limenelo ndi lodabwitsa. Koma ndinaonanso matumba a makala atandandalika, ndi mapiri amene amayi amati kale anali bii ndi misuku ndi mitondo, lero ali mbee ndi zitsa. Amayi anati ali mtsikana munthu sankatsika njira za kuno yekha, kuopa afisi ndi akambuku. Njobvu zilipobe, chakumpoto m'mapiri omwewa, m'nkhalango za Dedza-Salima ndi Thuma, kumene bungwe la Wildlife Action Group limalondera ndi kumanga mpanda wamagetsi kuti zisamalowe m'minda. Ife sitinazione. Koma kungodziwa kuti m'boma lathu lomwe lino mukuyenda njobvu kunamusangalatsa mwana uja kuposa timagalimoto tija.

Pofika pa Golomoti majuzi onse anali atavulidwa. Ola limodzi lapitalo tinali kunjenjemera, tsopano thukuta lili kamukamu, milambe ili uko ndi uko, amayi akugula malambe oti akapangire zidzukulu zina. Tinakhotera kumpoto mpaka pa Mua.

Mua ndi mishoni imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, patsinde pa mapiri, mtsinje wa Nadzipokwe ukuyenda m'miyala chapansi pake. Pali chipatala, pali sukulu ya ana osamva, pali nyumba zakale zanjerwa zofiira. Koma chimene chimakoka alendo ndi Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. Tinayamba taona amisiri akusema, wina akutulutsa nkhope ya Maria m'chipika, nkhope yake yachimalawi, mwana ali kumbuyo pambereko. Kenako tinalowa m'nyumba yosungira zakale ya Chamare. Chipinda choyamba ndi cha mbiri ya mishoni, ndipo amayi anayenda bwinobwino akufunsa mafunso. Titafika pakhomo la chipinda chachiwiri anaima.

M'chipinda chimenecho muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana, zina pakhoma, zina zitakoloweka pa chimtengo chapakati mpaka kudenga. Wotiperekeza anatipempha kuti mafoni tibweze m'matumba. Amayi anagwira kolona yawo ya m'khosi n'kufunsa chapansipansi, "Ndiye ansembe ndi amene asunga zimenezi?" Funso lawo linali ndi pochokera. Kuno ku Mua komweko, cha m'ma 1920, mishoni ndi eni dambwe analimbana kwambiri, kulimbirana ana, awa akufuna apite kusukulu, awa akufuna akamete. Amayi anakula nthawi imene Mkhristu akaonerera gule ankayenera kukalapa. Atate awo anali a gule, iwo anasankha ubatizo, ndipo kwa zaka zambiri nkhani imeneyo m'banja mwawo inali chilonda. Ndinawauza kuti ngati sakufuna tikhoza kutulukira kwina. Anapuma mozama n'kulowa.

Anayenda pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, akutchula maina ngati munthu wolonjera abale pamaliro. Chadzunda, nkhope yakuda yamakwinya, tate wa zilombo. Maliya, wofiira, wodekha. Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Atafika pa Kasiyamaliro anaima nthawi yaitali, n'kunena kuti chomaliza kuchiona chinali pa maliro a atate awo, usiku, iwo ataima patali chifukwa anali kale Mkhristu. Sanalire. Anangoti, "Anavina bwino tsiku limenelo."

Ine maganizo anga pa chipinda chimenechi ndi awiri, ndipo sindinawagwirizanitse. Gule wopachikidwa pakhoma alibe fumbi, alibe ng'oma, alibe amayi oyankha nyimbo, alibe mantha aja amene tinkathawa nawo tili ana tikamva kulira kwa kapoli kumanda. Ndikudziwanso akuluakulu ena amene sakondwa kuti osameta ndi alendo aziyang'ana zilombo pafupi chonchi, ndipo sindinganene kuti akulakwa. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma gule mwini wake ali kudambwe ndi pabwalo, osati m'kaundula. Komabe ndinaona mwana wanga, wokulira patauni, amene gule amamudziwa ngati anthu othamangitsa ana pamsewu, akumvetsera wotiperekeza akufotokoza kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambo wake, china chikudzudzula ulesi, china chiwerewere, china umbombo wa mfumu. Ndinaonanso mayi anga akuyang'ana mbali ya moyo wawo imene anaitsekera kunja zaka zoposa 50, ali pabwalo la tchalitchi, popanda wowauza kuti akalape. Zimenezo sindingazipeputse.

Chipinda chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao, zishango, nthungo, mikanda, koma tinadutsamo mwachangu chifukwa amayi anafuna kukhala pansi. Tili pamthunzi ndinawauza kuti pafupi pomwepa, cha ku Mtakataka, ndi pamene panali Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi, ndipo Dr Yusuf Juwayeyi atakumba anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njobvu ndi mapale a mbale zochokera ku China. Amayi anadabwa kuti za ku China zinafika kuno kale chonchi. Ndinati zinkabwera ndi amalonda kudzera kunyanja yamchere. Anati, "Ndiye Kulamba timapitira ku Mkaika, ku Zambia, chikhalirecho mpando unali pakhomo pompano." Tinagona ku Mua komweko, achule akulira kumtsinje usiku wonse.

Tsiku lachitatu tinakweranso Khwekhwerere, galimoto ikulira m'giya yoyamba, n'kulowa M1 kulunjika ku Ntcheu. Pa Lizulu tinaima kugula kachewere ndi kabichi. Apa msewu ndiwo malire: ukaima mbali iyi uli ku Malawi, ukaoloka uli ku Mozambique, koma anthu ake ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, maukwati amodzi. Amayi anakumbukira zaka za nkhondo ya kutsidyako, pamene othawa kwawo anadzaza midzi ya m'mbali mwa msewuwu mpaka mtendere utabwera mu 1992. Kwathu tinasungako banja lina miyezi ingapo, ndipo ndimakumbukira mwana wawo amene tinkagona naye mphasa imodzi.

Tisanafike pa boma la Ntcheu tinapatuka pa manda a Inkosi Gomani Chikuse. Bambo anga malemu anali Mngoni wa kuno, ndipo basi ikamadutsa pamalo amenewa ankavula chipewa, ngakhale ali pakati pa nkhani. Ndili mwana ndinkangoona ngati chizolowezi chawo. Gomani woyambayu anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda pa 27 October 1896, atakana kugonjera ulamuliro wawo. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani, anadzakananso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anamuchotsa paufumu, n'kumwalira chaka chotsatira. Masiku ano Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Nkolimbo, pafupi pomwepa, chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano, ngoma n'kumagunda mpaka nthaka kunjenjemera. Tsiku limene tinafika ife kunali zii, mbuzi zokha zikudya chapatali. Ndinalibe chipewa choti ndivule, ndiye ndinangoima manja ali kutsogolo. Amayi anati kwa mdzukulu wawo, "Uku ndi kuchimuna kwa bambo akowa. Upereke ulemu." Mwana anagwada pang'ono n'kuti, "Bayethe," monga anamvera agogo ake aamuna akunena.

Kuchoka pa boma msewu wa ku Nzama ndi wokwera, wafumbi, wolowera kumapiri a kumadzulo kufupi ndi malire. Galimoto inagunda pansi kawiri, ine mtima uli m'mwamba poganiza za alamu anga. Amayi sanalankhule njira yonse, milomo yokha ndiyo inkagwedezeka. Kuno ndi kumene ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika mu 1901, m'dziko la mfumu Njobvuyalema, n'kuyambitsa mishoni yoyamba ya Katolika imene inakhazikika m'dziko muno. A White Fathers anali atayesapo kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anachokako patangopita zaka ziwiri. N'chifukwa chake kwa amayi ndi anzawo Nzama ndi pachitsime.

Tchalitchi chitayamba kuonekera patali, amayi anati, "Imani apa, bambo." Ndinaganiza kuti adwala. Anatsegula chitseko, anatsitsa ndodo, n'kuti, "Kwa Amayi Maria safika ndi galimoto mpaka pakhomo." Ndinawachonderera za mawondo, sanandiyankhe. Anamanga chitenje chawo cha mpingo, mdzukulu wawo anawagwira mkono, n'kuyamba kuyenda. Ine ndinatseka galimoto n'kuwatsatira pambuyo. Mtunda woti mnyamata angauyende mphindi zisanu tinauyenda pafupifupi theka la ola, iwo akutsogolera "Tikuoneni Maria", ife tikuyankha, mphepo yozizira ikutiwomba kumaso. Ana ena amene ankasewera mpira wachikulunga anasiya n'kumationerera.

M'tchalitchi munalibe anthu, munali mayi mmodzi yekha akusesa. Anatilonjera n'kutisiya. Amayi anapita kutsogolo, ndipo kugwada kwawo kunatenga nthawi: bondo limodzi, dzanja pabenchi, kupuma, kenako linalo. Nditafuna kuwathandiza anandikaniza ndi mutu. Anamaliza kolona yonse. Atatero anayamba kutchula akufa awo mokweza pang'ono, mmodzimmodzi, monga amachitira mwezi wa November. Bambo anga. Achimwene anga amene anatisiya ali aang'ono. Amayi awo. Kenako anatchula atate awo, a gule aja, ndipo pambuyo pake dzina lina lachikazi limene sindinalimvepo. Mwana wanga anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu.

Titatuluka, atakhala pakhonde akutikita mawondo, ndinawafunsa kuti ameneyo anali ndani. Anati, "Anamkungwi anga. Sanabatizidwe. Kuyambira dzana paphiri paja akhala akundibwerera m'maganizo." Anatambasula dzanja kuti mdzukulu wawo awapatse fulasiki, anathira tiyi m'chivindikiro, n'kufunsa ngati mbatata yophika ija yatsalako.